Mafunso a Pachinkhoswe cha Limbani

Amene akuti ine Jailosi Namakhwa ndimanama aimike dzanja pompano ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire kumbuyo kwa anzake. Inu a Jumbe, ndakuonani mukutsinzinira diso anyamatawa. Siyani kaye bawoyo, siithawa. Ndikuuzeni za tsiku limene ndinayankha mafunso onse a pansi pa thambo, paphiri pomwe mukupaonapo, masanasana, anthu akupenya, ndipo amene apeze bodza ngakhale limodzi m'nkhani imeneyi atenge chipewa changachi azivala iyeyo.

Poyamba mudziwe kumene nzeru zanga zinachokera, chifukwa sukulu ine ndinaisiya itangoyamba kukoma. Zaka zimene zipani zinachuluka zija, nyuzipepala nazo zinatuluka ngati ngumbi, aliyense wokhala ndi kamkwiyo ankasindikiza yake, ndipo zikangogona zonse zinkathera pachiwaya mumsika wa Zomba, kukulungira tchipisi, pamodzi ndi mapepala akale a ana a kukoleji. Ine nthawi imeneyo ndinkatsitsa nkhuni panjinga kuchokera kuphiri, njala yake ena mukuidziwa, choncho masana aliwonse ndinkagula tchipisi chotentha, mafuta n'kumasungunula inki, inki n'kumakanirira kumbatata, mbatata n'kumatsikira m'mimba, ndipo pofika kunyumba ku Zakazaka ndinkangozindikira kuti ndikudziwa zinthu zimene m'mawa sindinkazidziwa. Lolemba ndadya malamulo, Lachiwiri mbiri ya dziko, Lachitatu zampira ndi zoimbaimba, tsiku lina ndinadya masamu a Folomu 4 opanda mchere ndipo ndinageya sabata yathunthu. Mukumva? Zinafika poti ndikadzitema ndi chikwanje sipankatuluka magazi koma tizilembo, tikuyenda pamzere, udzudzu umene unandiluma chaka chimenecho unasiya kulira zopanda pake m'makutu mwa anthu n'kuyamba kuwawerengera nkhani za m'mawa, ndipo mutu wangawu unalemera moti ndikakwera minibasi kondakitala ankandikhazika pakati penipeni kuti galimoto isapendekeke.

Tsono ndinali ndi mnyamata wanga Limbani, mwana wa malemu mlongo wanga, kalipentala, munthu wofatsa woti pagulu mau ake muchite kuwasaka. Mlongo wanga pomwalira sanandisiyire china koma iyeyu, ndipo ndimamukonda kuposa mmene ndimaonetsera. Limbani anakonda mtsikana wa paphiri, dzina lake Elube, amene makolo ake amalima mbatata ya kachewere m'mphepete mwa nkhalango ya paini. Elube anamaliza Folomu 4 ndipo anatengedwa pagulu la aphunzitsi atsopano aja amene anafunika sukulu ya pulayimale itakhala yaulere. Mnyamata anaonda ndi chikondi. Ukwati usanamveke n'komwe anali atakhoma kale bedi, mipando ndi kabati.

Ine monga atsibweni ake ndinakwera phiri kukafunsira mbeta kwa atsibweni ake a mtsikana, a Mukhwapa, mkulu amene anapuma pantchito yomasulira kukhoti, wovala tayi ngakhale popita kumunda. A Mukhwapa analibe vuto ndi Limbani. Vuto lao linali ine.

"Mnyamata ndamuona, manja ake ndi abwino," anatero. "Koma banja limaima ndi nkhoswe. Mawa anawa akakangana, woweruza ndi inu, a Namakhwa, ndipo ndamva kuti pakamwa panu sipatsekeka. Masiku ano ngakhale wofuna mpando timayamba tamufunsa mafunso. Pachinkhoswe ndidzakufunsani pamaso pa anthu. Mukadzaphonya limodzi lokha, tambala wanu adzatsika nanu phiri."

Anyamata inu mwina simudziwa: pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka msoti, ndipo tambala akabwerera kwao ndiye kuti ukwati palibe. Nditamufotokozera Limbani anayang'ana utuchi pansi, kenako anati, "Atsibweni, ndikataya Elube ine sindidzakwatiranso." Ndinamuseka, ndinamuuza kuti akhazike mtima pansi, funso loti lindigwetse ine silinabadwe.

Tsiku litafika tinanyamuka m'mawa, nkhungu ili goo, tinatenga kanjira kachidule ka ogulitsa mbatata, ine patsogolo, suti yobwereka, tambala m'khwapa, mutu ukulemera moti mapazi anga ankamira m'thanthwe ngati ndikuponda matope, zidindo zake zilipo mpaka lero, ana amatungamo madzi nthawi ya dzinja, ndipo tambala uja chifukwa chotsamira pachifuwa changa njira yonse anafika pamwamba akulira m'zinenero zitatu, Chinyanja, Chiyao ndi Chilomwe. Pakhomo tinapeza anthu atadzaza, amayi akuphika mpunga ndi kalongonda kuseri. A Mukhwapa anali ataitana mkulu wa mpingo ndi shehe wa pafupi pomwepo kuti akhale mboni, akuluakulu awiri amene anali atatha zaka osapatsana moni chifukwa cha malire a dimba. Anandiimika pakati pa bwalo.

A Mukhwapa anayamba ndi malamulo, poti ndiko kunali kwao. Anafunsa kuti munthu akagwidwa ndi apolisi ali ndi ufulu wanji, ine ndinati auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene akumva, akhoza kukhala chete ngati afuna, aonekere kukhoti pasanathe masiku awiri, ndipo ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndipo osapuma ndinalowa m'nkhani ya katundu wa ana amasiye, ndinadutsa pamlandu wa mbuzi yodya chimanga cha eni, ndinakhotera kuzaka zoyambira kuvota, ndinakatulukira kumalire a minda, mau akumveka nkhalango yonse, moti anyani amene anaba mbatata m'munda wa bambo ake a Elube dzulo lake anatsika m'mitengo pamzere, aliyense atanyamula yake, n'kuzibweza, wamkulu wao atagwada akupempha belo. Mukumva? A Mukhwapa anangokonza tayi.

Mkulu wa mpingo anadzuka n'kundifunsa mibadwo ya m'malemba, ndinaitchula kuyambira munthu woyamba uja, kudutsa mkulu wa chingalawa, mafumu ndi aneneri onse, ndi mpweya umodzi, mpaka iye mwini anatulutsa kansalu n'kumandipukuta thukuta. Shehe naye anafunsa za mapemphero a tsiku ndi tsiku, za mwezi wosala, za gawo limene munthu amapatula kuti lipite kwa osauka, ndipo ndinayankha mokoma, n'kuonetsanso kuti pankhani ya mnansi mpingo ndi mzikiti zimanena chimodzi, moti akuluakulu awiri aja anangozindikira ali pamphasa imodzi, akumwera thobwa chikho chimodzi, wina akuti dimba lija tengani ndi lanu, mnzake akuti ayi ndi lanu, pafupifupi kumenyana chifukwa chopatsana.

Pambiri ya dziko ndi pamene ndinachita mantha ndi mphamvu zanga zomwe. A Mukhwapa anafunsa chifukwa chimene likulu linachokera kuno kupita ku Lilongwe, ndinafotokoza, anafunsa za asilikali aja anapita kunkhondo ya azungu amene chipilala chao chili m'tauni, ndinafotokoza, anafunsa mmene makolo athu anadutsira malire kuchokera ku Mozambique khasu lili paphewa, ndinafotokoza, ndipo ndikamabwerera m'mbuyo chonchi zaka nazo zinayamba kubwerera nane, imvi za anthu zinayamba kuda, mayi wina wopanda mano anayamba kukukuta chimanga chokazinga, mitengo ya paini inayamba kufupika kubwerera m'nthaka, ndipo nditafika nthawi ya ukapolo ndinacheuka n'kuona a Mukhwapa atatsala kamwana, tayi ikukwekwereka pansi, atsala pang'ono kukwawa, choncho ndinatembenuka msangamsanga n'kuthamanga nazo zaka zija kubwerera kuno, kuopa kuti mtsikana angasowe nkhoswe. Mayi uja ndinamusiyira mano awiri dala, anamwalira akundidalitsa.

Musaseke a Jumbe, funsani amayi a ku Masongola. Tsiku limenelo mtsinje wa Mulunguzi unaima kuti umvetsere, madzi amene anali atatsika kale anabwerera kumtunda kudzamva zimene anaphonya, ndipo amayi m'tauni akatsekula mpopi simunkatuluka madzi, munkatuluka mau anga, ana ena anatunga m'ndowa n'kukakhoza nawo mayeso a Sitandade 8.

A Mukhwapa anabwera ndi zakusukulu, malikulu a maiko, mitsinje, masamu, Chingerezi, ndinatulutsa liu limodzi la Chingerezi lolemera moti litagwa linathyola mwendo wa benchi. Anabwera ndi zampira, ndinaulutsa chigoli china chakale mwaluso moti wailesi imene inali pawindo inasiya kuyankhula, muulutsi wake ali pitirizani a Namakhwa, ife tikumvera inu. Anafunsa kusiyana kwa kwasakwasa ndi tchopa, ndinati zimenezi sayankha ndi pakamwa, ndinavula jekete, chiuno chinavina china miyendo ikuvina china, mphepo yake inakankha nkhungu yonse kuchoka paphiri mpaka kukaiunjika ku Chilwa. Kenako ndinayamba kuyankha funso lisanafunsidwe, a Mukhwapa akamati atsekule pakamwa yankho lafika kale, mayankho anachuluka kuposa mafunso, ena anaima pamzere kudikira mafunso ao, ena anatopa n'kulowa m'nkhalango, ndipo alipobe, mukamayenda m'mapaini umo n'kungozindikira mwadziwa kanthu kamene simunaphunzire, dziwani kuti mwaponda yankho langa.

Anthu anaomba m'manja, amayi analulutira, ine ndinali nditayamba kale kugwedezera Limbani mutu. Koma paja amati chakomachakoma pusi anagwa chagada. A Mukhwapa anamwa madzi, anamwetulira, ndipo anati, "Latsala limodzi, losavuta. Mwambo umati mnyamata aloze wake. Lero aloze ndi nkhoswe, chifukwa munthu sangaweruze banja la mkazi amene sakumudziwa."

Amayi anatuluka m'nyumba akuimba, akutsogolera anamwali angapo ofunditsidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira pachinkhoswe, onse atawavekanso nsapato zofanana. Anawaimika patsogolo panga. Limbani anamukhazika kumbuyo kwanga, pakati pa amuna awiri, kuti asandipatse chizindikiro.

Tsopano mvetsani bwino apa. Ine nkhope ya Elube, msinkhu wake, kayendedwe kake, sindinkazidziwa. Limbani anabwera naye kunyumba kamodzi kudzandipatsa moni, mtsikana anagwada pakhomo atawerama mwaulemu, koma tsiku limenelo ndinali nditadya nkhani ya zipani, ndinayamba kuwafotokozera, maso ali kudenga, ndipo pamene ndinkamaliza anali atatsanzika kalekale. Pofunsira mbeta Elube anali kumaphunziro. Munthu wodziwa zambiri nthawi yoyang'ana nkhope za anthu amaisowa, si mlandu umenewo. Koma nditaima pamaso pa zitenje zija ndinasowa pogwira. Ndinafufuza m'mutu monse, malamulo, malemba, mbiri, mpira, palibe pamene panalembedwa Elube. Ndinachita mantha enieni, poti mwana wa mlongo wanga anali pafupi kutaya mkazi chifukwa cha ine.

Ndinayamba kuyendayenda kutsogolo kwao, manja kumbuyo, ndikufotokoza mbiri ya chitenje kuti nthawi ipite, kumene nsalu zinkachokera kale, mmene amwenye anayambira kuzigulitsa m'masitolo a m'tauni, kusiyana kwa chitenje cha chipani ndi cha mpingo, ndikuyembekeza kuti mwina wina atsokomola mwauphunzitsi. Ndikudutsa kachitatu, m'chitenje cha kumapeto munatuluka mau otsika koma olimba.

"Bambo, mwalongolola mokwanira. Lozani, mpunga ukuzizira."

Mtima unakhala m'malo. Mau otere, olamula munthu wamkulu ngati mwana wa Sitandade 1, angakhale a yani kupanda mphunzitsi? Ndinaloza ndi dzanja lonse, ndinati mkazi ndi uyu. Amayi anavundukula chitenje, ndipo munatuluka mutu wa imvi. Anali a Nangondo, azakhali ake a Elube, mlongo wa bambo ake, mayi wamasiye wogulitsa mabulosi kwa alendo pamsewu wa paphiri, amene anawafunditsa nawo pongofuna kuseketsa anthu.

Bwalo linaphulika ndi phwete. A Mukhwapa sanaseke. Anauza achibale ao kuti amasule tambala pamtengo andibwezere. Ndinacheuka. Limbani anali ataphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo ndinakumbuka mlongo wanga.

"Ndani wati ndaphonya?" ndinatero. "Kwathu mwana sayamba kusamba m'manja akulu ali pomwepo. Ine mkazi wanga anamwalira kalekale, ndimadziphikira ndekha. Ndakwera phiri lino ndi nkhani ziwiri, ndipo ndayamba ndi yanga. Mnyamata aloza wake pambuyo, monga mwa mwambo."

A Mukhwapa, poti anakulira m'khoti, anafunsa mkulu wa mpingo ndi shehe ngati pali choletsa. Onse awiri anati palibe. "Chabwino," anatero. "Afunsireni pompano. Akavomera, munaloza dala. Akakana, munaphonya."

A Nangondo anapinda chitenje chija mosafulumira, anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, n'kubwereranso kumtunda. "Za dziko lonse mwayankha, tamva," anatero. "Langa ndi limodzi. Kodi mumatha kukhala chete mnzanu akamayankhula?"

Ndinati ndimatha.

"Tione. Kuyambira pano mpaka anawa apatsane nkhuku, alangizidwe, anthu adye, musatulutse liu. Mukatha, ndavomera. Mukalephera, tsikani ndi tambala wanu."

Anyamata, zonse ndakuuzani zija zinali masewera. Ntchito imene ndinagwira paphiri paja ndi iyi. Ndinatseka pakamwa, ndipo mau amene anali kale m'njira anafika kukhosi n'kupeza chitseko chotseka, anabwera ena pambuyo pao, anabweranso ena, akukankhana, akuponderezana, ndipo a Mukhwapa, mdani wa munthu, anakhala pafupi nane n'kuyamba kuuza shehe mokweza kuti phiri la Mulanje lili ku Kasungu, kuti timu ya mpira imalowa m'bwalo ndi zigoli ziwiri kale, kuti likulu silinakhalepo ku Zomba, ine ndikumva, mano ali gwa, mimba inayamba kufufuma, mabatani a malaya anathothoka limodzilimodzi n'kumakagwera ku Mbedza, lamba anaduka, tizilembo tinayamba kutuluka m'makutu amayi n'kumasesa ndi tsache, kenako mapazi anachoka pansi, ndinayamba kukwera ngati chibaluni, anthu anathamanga kukatenga chingwe chomangira nkhuni n'kundimanga mwendo kumtengo wa paini, mtengo unayamba kuzuka, anawonjezera wachiwiri, ndipo mitengo iwiriyo ndi yopendekeka mpaka lero. Mukumva? Koma liu silinatuluke.

Ndili m'mwamba momwemo ndinaona zonse. Ndinaona Limbani akudzuka, osayang'ana uku kapena uku, akupita molunjika pachitenje chachiwiri n'kuchivundukula ndi manja ake a utuchi aja. Ndinaona nkhope ya Elube koyamba, akuseka misozi ili m'masaya. Ndinaona tambala wathu akulandiridwa, msoti ukuperekedwa kwa achibale anga. Ndinamva amayi akulangiza anawo, ndinamva Elube akuyankha, ndinamva ngakhale Limbani akuyankhula pagulu, mau abwino, odekha, amene ine ndinali ndisanawamvepo chibadwire chake. Ndinakondwa kwambiri, ndipo ndinalira, koma mwakachetechete, misozi yokha.

Munthu womaliza atasamba m'manja, a Nangondo anabwera patsinde pa mtengo, anayang'ana kumwamba, anati, "Mutsitseni, ndi wanga ameneyo." Anandikoka ndi chingwe mpaka pansi. Anati tsopano yankhulani. Ndinatsekula pakamwa, anthu anagwira zipewa zao kuopa mphepo, koma mwa mau onse aja munatuluka limodzi lokha, loti zikomo.

Limbani ndi Elube ali pabanja mpaka lero, mkazi akuphunzitsa, mwamuna akukhoma, ana ao ena ndi aatali kuposa ine, ndipo sanandiitanepo kuti ndikaweruze mlandu. Choncho ndikubwereza pamaso panu nonse, tsiku lija sindinaphonye funso ngakhale limodzi, ndipo dzanja langali linaloza pamene linkafuna. Wokayika apite ku Zakazaka akafunse a Nangondo, ali moyo, akuuzani zonse ndi zina zimene simunafunse. Ine mukandipeza pakhonde ndili phee musadabwe. Tinapangana kuti pakhomo paja ndiziyankhula iwo akamaliza, ndipo chitsikireni phiri lija sanamalizebe.